TTArtisan 50mm f/1.2 pa Sony a6000: yabwino kwa munthu woima, osati wovina

Nyenyezi 4 mwa 5. Ndemangayi ndikulembera anzanga amene muli ndi kamera ya mirrorless (yopanda kalilole m'kati) ya sensa yaing'onoko yotchedwa APS-C, mukufuna zithunzi za nkhope zimene kumbuyo kumachita mbuu, koma thumba silikulola kugula lenzi ya Sigma 56mm f/1.4. Lenzi ya TTArtisan imeneyi ndi ya fokasi ya pamanja, ndipo ine ndimaimanga pa Sony a6000, kamera ya 2014 ija, ndipo ndajambula nayo zinkhoswe, omaliza maphunziro, komanso azimayi ofuna zithunzi zotsatsira madiresi amene asoka.

Itatuluka inkagulitsidwa madola 98 a ku America. Mukaitanitsa kunja muwonjezerepo ya mtengatenga ndi msonkho, koma ngakhale mutero simufika pa mtengo wa Sigma ija, yomwe fokasi yake ndi yodziyendera yokha. Mukaigwira simungakhulupirire kuti ndi ya mtengo umenewo. Thupi lonse ndi chitsulo, imalemera magalamu pafupifupi 336, ndipo pa kakamera kopepuka ngati a6000 kutsogolo kumalemerera pang'ono. Mphete ya fokasi imayenda mofewa koma mosaterera. Ya aperture (kabowo kolowetsa kuwala, komwe kamakula nambala ya f ikamachepa) imalira kuti "tche, tche" pa sitepe iliyonse kuchokera f/1.2 kufika f/16, zomwe ojambula zithunzi timakonda koma a vidiyo sangasangalale nazo. Chivindikiro chake ndi chachitsulo chopotokola, chokongola, koma chimadya nthawi mkwati akukudikira.

Musanadandaule kuti yafika yakufa, lowani mu menyu ya kamera mutsegule Release w/o Lens. Lenziyi ilibe mawaya olankhulana ndi kamera, choncho kamera imaganiza kuti palibe chimene mwamangapo ndipo imakana kujambula. Chifukwa chomwecho, pa sikirini pomwe pamakhala nambala ya aperture sipaoneka nambala, ndipo mukafika pa kompyuta simudziwa kuti chithunzi chakuti munajambula pa f/2 kapena f/4.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya f/1.2 imene imakopa aliyense. Pa sensa ya Sony, 50mm imaona ngati 75mm ya pa full frame (kamera ya sensa yaikulu), ndiye pa chithunzi cha mutu ndi mapewa mumaima pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera kwa munthuyo. Pa mtunda umenewo, mukatsegula f/1.2, gawo looneka lakuthwa ndi masentimita 4 okha kapena kuposerapo pang'ono. Diso likhoza kutuluka bwino, khutu n'kusungunuka. Munthu akangopuma mozama kapena inu mukangoweramira kutsogolo, fokasi yachoka pa diso yapita pa nsonga ya mphuno. Ndipo ngakhale mutalasa ndendende, pa f/1.2 chithunzi chimakhala chofewa, ngati chapakidwa nkhungu yopyapyala, ndipo m'mphepete mwa zinthu zowala monga ndolo kapena velo yoyera mumaoneka kamzere kofiirira. Pa khungu la agogo kufewako kumakometsa. Pa chithunzi chimene kasitomala akufuna kuchikulitsa n'kupachika pa balaza, ayi.

Mukatsitsa pa f/2 ndi lenzi ina. Nsidze zimawerengeka, mitundu ya chitenje imakhuta, gawo lakuthwa limafika masentimita 7, ndipo kumbuyo kumakhalabe kosalala chifukwa masamba a aperture alipo 10, moti timagetsi ta kumbuyo timakhala tozungulira. Pa f/2.8 sindiopa kuyika zithunzi zake pafupi ndi za malenzi odula. Zithunzi zanga zambiri zimene anthu andilipira zili pakati pa f/2 ndi f/2.8. Kunena zoona, muigule ngati lenzi ya f/2, ndipo f/1.2 yo muione ngati basera yothandiza m'tchalitchi cha mdima kapena dzuwa likalowa.

Masana f/1.2 simungaifikenso n'komwe. Shata ya a6000 imathera pa 1/4000, ndipo pa dzuwa la Okutobala, ngakhale ISO (mlingo wa momwe sensa imamvera kuwala) ili pa 100, chithunzi chimapsa n'kuyera mbee. Mwina mutsike kufika f/2.8, mwina mugule fyuluta yochepetsa kuwala ya ND ya 52mm, apo ayi mumuimike munthu pansi pa mtengo wa mango, komwe kuwala kumakomera nkhope kale. Dzuwa likalowa molunjika m'galasi chithunzi chimatuwa, choncho dzanja lamanzere lizikhala lokonzeka kutchinga.

Fokasi ya pamanja anthu amaiopa mopitirira. Kamera za mirrorless zili ndi focus peaking, timizere tamtundu toonetsa pamene pali pakuthwa. Ine ndinasankha tofiira, koma pa f/1.2 musatikhulupirire tokha, timawala ngakhale pamene fokasi yaphonya pang'ono. Chothandiza kwambiri ndi Focus Magnifier. Ndinaiyika pa batani la C1, ndimakulitsa diso, ndimapotokola mphete, kenako ndimadina zithunzi zingapo motsatizana. Dzanja likazolowera zimatenga kamphindi chabe. Kumbukiraninso kuti a6000 ilibe chochepetsa kunjenjemera m'thupi mwake, lenziyinso ilibe, ndiye shata isatsike pansi pa 1/125 ngati mwagwira pamanja.

Pamene imandigonjetsa ndi pa perekaniperekani. Anthu akuvina akubwera kwa inu, ndalama zikuuluka, mwana wathamanga kudutsa, inu mukadali kupotokola. Pamenepo ndimachotsa n'kubwezera kalenzi kobwera ndi kamera. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya maukwati kuyambira m'mawa mpaka usiku, sungani ndalama mugule Sony E 50mm f/1.8 OSS kapena Viltrox 56mm f/1.4, zonse zimalasa zokha. Kasitomala sadzamvetsa kuti chithunzi cha kudula keke chatuluka mbuu chifukwa lenzi yanu ndi yapamanja.

Ena amandifunsa za Helios 44-2, lenzi ya 58mm f/2 yopangidwa ku Soviet Union, imene kumbuyo kwake kumazungulira ngati kamvuluvulu. Ndi yosangalatsa, koma imafuna adaputala ya M42, ndipo poti ndi yakale mumagula mwamwayi, ina ili ndi nkhungu m'kati, ina mphete yauma. Kuzungulirako nakonso kumachepa pa APS-C chifukwa sensa imadula m'mbali momwe kumaonekera kwambiri. TTArtisan mumaipeza yatsopano ndipo imalowa yokha popanda adaputala. Ingoonetsetsani kuti mwaitanitsa ya kamera yanu, chifukwa ilipo ya Sony E, Fujifilm X, Canon EF-M, Nikon Z ndi Micro Four Thirds, ndipo pa zithunzi za ogulitsa zonse zimafanana. Imalasa kuyambira theka la mita, ndiye mphete za ukwati zapafupi kwambiri muzijambula ndi lenzi ina.