Victim Support ku Kasungu: pitani, musangopirira

Azimayi anzanga, ofesi ya Victim Support, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, pa polisi paboma pano ine ndikuyiyamikira. Ndinaperekeza achemwali anga, alamu anali atafika powatsekera panja usiku ndi mwana kumsana, ankhoswe akungoti banja ndi kupirira. Apolisi achizimayi anatikhazika pansi, anawamvetsera mpaka kumapeto osawadula pakamwa, kenako anatipatsa kalata yopita nayo kuchipatala.

Chomwe ambiri sitidziwa nchoti sikuti mpaka bambowo amangidwe ayi. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola kupempha kwa majisitireti protection order, chikalata choletsa munthuyo kukumenyani, kukuopsezani ngakhale kukuyandikirani, ndipo akachiphwanya ndi mlandu, komanso ilipo occupation order yoti inu mukhalebe m'nyumbamo iyeyo ndiye atuluke. Ndalama zothandizira ana nazonso mumakasumira kukhoti, olo simunakwatirane.

Chovuta ndi transipoti basi, wa ku Chulu kaya Santhe kubwera kangapo ndi ndalama zambiri, zimandipweteka mtima. Sungani mameseji oopseza mufoni komanso lipoti la chipatala, zimathandiza kwambiri kukhoti. Loya akavuta funsani a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya.