Chaja ya motoka ya malaiti pakhomo: miyezi isanu ndikuigwiritsa ntchito

Chimene chinandikakamiza kuikitsa chaja ya pakhoma kwathu ku Kalongwezi, ku Chipata, ndi soketi ya pakhonde, yomwe inayamba kuda ngati yawauka. Nissan Leaf yanga ya batire la 24 kWh ndinkaitchajira pa soketi wamba ya 13 amp, yofanana ndi ya ketulo. Komatu ketulo imawira pang'ono n'kuzima, pomwe motoka imakoka malaiti usiku wonse. Kukacha pulagi inkakhala yotentha, yosagwirika.

Amisiri amene anabwera ndi amene ndikufuna kuwayamikira kwambiri. Asanaboole khoma anayamba ayeza earth ya nyumba, nthambo ija yotayira malaiti m'nthaka pakachitika vuto, kenako anapukusa mutu. "Bambo, earth yanu inafa kalekale, chonchi sindingalumikize." Anakhomera ndodo ya kopa ya earth yatsopano kuseri kwa khitchini, nthaka ili gwa ndi dzuwa la Okutobala, mpaka tinachita kuthirapo ndowa ziwiri za madzi kuti ilowe. Atatero anakoka nthambo ya 6 mm kuchokera kubokosi la ma breaker, ma switchi odzizimitsa okha malaiti akachuluka mphamvu, n'kuipatsa breaker yakeyake ya 32 amp ndi kachipangizo kodula malaiti akayamba kudutsa posayenera. Dzuwa lisanalowe anali atamaliza, zinyalala atasesa.

Chandiwawa kwambiri n'chimodzi. Ndinagula chaja ya 7 kW poganiza kuti motoka izidzaza msanga, osadziwa kuti Leaf yangayi imalandira 3.3 kW basi. Wogulitsa sanandifunse n'komwe za motoka yanga. Inu musanatulutse ndalama, dziwani mphamvu imene motoka yanu imalandira, muonenso pakamwa pake potchajira: Leaf zochokera ku Japan zimafuna pulagi ya Type 1, pomwe machaja ambiri amabwera ndi Type 2. Nthambo ya chaja yangayi nayonso ndi yaifupi, ndimachita kuimika motoka pafupi kwambiri ndi khoma.

Ngakhale zili choncho, batire limadzaza m'maola pafupifupi 7, osati 10 ndi kupitirira ngati kale, ndipo palibe chimene chikutentha. Malaiti akapita pakati pa usiku, akangobwera chaja imayambiranso yokha, ine ndili mtulo. Kuno kwathu zimenezi n'zofunika kuposa liwiro.

Mayunitsi a pamita amatha msanga ndithu, koma sizikufika pa ndalama imene ndinkasiya pogula petulo. Ndikatchaja usiku umodzi, ana ndimawatula kusukulu, n'kukagula ndiwo ku Kapata, n'kufikanso ku Mwami kukaona amayi, batire likadalipo.