Kuunikitsa mitsempha ya m'khosi: ntchito ndi yabwino, koma zotsatira zimachedwa

Bambo anga ali ndi vuto la mtima wogunda mosalongosoka, lomwe madokotala amalitcha atrial fibrillation, ndipo amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse. Dzanja lawo lamanja litachita dzanzi kwa mphindi zochepa, lilime n'kulemera, dokotala wawo anatitumiza ku chipatala china cholipira mumzinda wa Blantyre kuti akaunike mitsempha iwiri ya carotid, yomwe imadutsa m'khosi kupititsa magazi ku ubongo.

Dokotalayo ndimuyamikira, chifukwa munthu wa vuto lotere akagwidwa sitiroko ambiri amangoloza mtima. Ndi zoona kuti vutoli limachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu, popeza magazi amadikha m'chipinda cham'mwamba cha mtima n'kuundana, koma mtsempha wa m'khosi ukachepa chifukwa cha mafuta omatirira mkati nawonso umatha kutulutsa tizidutswa topita ku ubongo, ndipo warfarin sangaukulitse.

Kuunikako kunayenda mwaulemu ndi mosamala. Mayi wojambula anawagoneka chagada, anawapendeketsa mutu, anapaka mafuta ozizira pakhosi n'kumayendetsa kachipangizo pang'onopang'ono kuchokera pansi pa chibwano kutsikira kuphewa. Panalibe jakisoni kapena ululu, ndipo zonse zinatha pasanathe theka la ola. Anatisonyezanso pamakina pamene mtsempha wakumanzere unapanikizika, uku tikumva phokoso la magazi akuthamanga podutsa pamenepo.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ndi lipoti. Linatuluka patapita masiku angapo, lolembedwa m'Chingerezi chachipatala, ndipo amene anatipatsa sanathe kutiuza tanthauzo la mawu oti mtsempha wachepa ndi 50 mpaka 69 peresenti. Kuchedwa kotere si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wamkulu wa madokotala wotchedwa NASCET anasonyeza mu 1991 kuti opaleshoni yopala mafutawo imateteza kwambiri odwala omwe anaonetsa kale zizindikiro ndipo mtsempha wawo wachepa ndi 70 mpaka 99 peresenti, ndipo kafukufuku wina wapambuyo pake anapeza kuti phindu lake limakula ikachitika m'masabata awiri oyambirira zizindikirozo zitaoneka. Banja losafotokozeredwa likhozanso kungogula aspirin n'kuwonjezera pa warfarin, zomwe zingachititse wodwala kutaya magazi mkati. Chisankho chimenecho ndi cha dokotala yekha.

Ndingatumizeko wachibale wina mosakayika, koma atenge kabuku kake ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, ndipo asanalipire afunse ngati lipoti lituluke tsiku lomwelo.