Kabuku kathu ka kwaya atikonzera bwino ku Ulongwe konkuno

Ndati ndiwayamikire achimwene aja a pa gráfica (malo osindikizira mabuku) yaying'ono kufupi ndi msika ku Vila Ulongwe. Ife a kwaya tinatayipa tokha kabuku ka nyimbo ndi mapemphero pa Word, koma titayesa kusindikiza pa A5 (theka la pepala la A4) zinali zomvetsa chisoni, mutu wa nyimbo uli wokha pansi pa tsamba nyimbo yake ili kuseri, kwina mzere womaliza wa kolasi wathawira tsamba lina, ndiye tangoganizani muli mkati moyimba mukutembenuza pepala chifukwa cha mawu awiri basi. Pemphero lina Amen anali yekhayekha pamwamba, tsamba lonse mbee.

Mlembi wathu ankangodina Enter kukankha mizere, koma mukasintha kanthu koyambirira zonse zimasokonekeranso. Achimwene a pa gráfica aja anachotsa ma Enter onsewo, nkulowa mu Parágrafo, pomwe amakonzera ndime pa Word, kutchera kuti mutu uziyenda pamodzi ndi mzere wotsatira komanso vesi isamaduke pakati. Pomwe liwu limodzi latsala lokha ankafinya pang'ono mpata wa zilembo, pang'ono zedi moti ndi maso simungaone, liwulo nkukwera pamzere wa pamwamba.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kaduledwe ka mawu. Kompyuta yathu ili m'Chipwitikizi ndiye inkadula Mulun-gu, an-thu, ngati ndi Chipwitikizi chomwecho, zowawa m'maso kwa munthu wowerenga chinenero chathu. Iwo anazimitsa zodula zokhazo nkumadula pamanja, Mulu-ngu, chikhulupi-riro, ndipo anakhala pansi kuwerenga tsamba ndi tsamba osati kungodina nkutipatsa.

Tinali ndi masamba 66. Anatifotokozera kuti pepala limodzi la A4 likapindidwa limatulutsa masamba 4, ndiye 66 ikanafuna 68, awiri opanda kanthu. Atachotsa timizere tosochera tija tinatsika pa 64, pepala limodzi kupulumuka pa kabuku kalikonse, kwa ife osonkherana ndalama nzambiri ndithu.

Chodandaula chilipo, anati Lachitatu koma tinalandira Lachisanu, akuti magetsi, ndipo pa WhatsApp sayankha msanga, bola kupita konko. Ndalama amalandira pa M-Pesa kapena e-Mola. Akamaliza muwapemphe akupatseni PDF, chifukwa fayilo ya Word mukaitsegula pa kompyuta ina yopanda mtundu womwewo wa zilembo mizere imasunthanso.