Windows kapena Linux pa laputopu yakale: kunyozana kwachuluka, yankho likusowa

Munthu akangofunsa pa intaneti kuti laputopu yake yakana Windows 11, atani, anthu amayamba kugendana. Uyu akuti Windows ndi ya mbuli, uyo akuti a Linux ndi malova ochezera usiku wonse kukonza kompyuta yosawonongeka. Wofunsa uja amangotsala kukamwa yasa, laputopu ili pamiyendo. Komatu funso lake ndi lomveka. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Malaputopu a kaunjika amene ambirife timagula nthawi zambiri safika pamenepo.

Mphamvu ya Windows ili pa mapulogalamu. Word ndi Excel zenizeni, Photoshop, madiraiva a printa ya ku ofesi, zonsezo zimayenda popanda kunyengerera. Ikavuta, mnyamata aliyense wokonza makompyuta m'tauni amaidziwa. Choipa chake n'chakuti makina akale a Microsoft akuwataya. Pali njira ya ESU yotalikitsa zosintha za chitetezo pa Windows 10, koma ndi ya kanthawi chabe. Ena amakakamiza Windows 11 pa makina osavomerezeka, imayenda ndithu, koma Microsoft sikulonjeza kuti zosintha zizibwerabe.

Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, makamaka mitundu yake ya Linux Mint kapena Ubuntu, ndi yaulere ndipo siinyoza makina okalamba. Mint ya mtundu wopepuka wotchedwa Xfce imayenda bwinobwino pa RAM ya 4GB. Chimene ndimaikondera kwambiri n'chakuti mumaiika pa fulashi n'kuiyesa musanafufute kalikonse: muone ngati Wi-Fi ikugwira, mawu akumveka, printa ikuyankha. Koma a Linux anzanga tisanamize anthu. LibreOffice, yolowa m'malo mwa Word ndi Excel pa Linux, imatsegula mafayilo a Word, koma matebulo ndi masamba nthawi zina zimasuntha, ndipo wophunzira amene akulemba pepala lomalizira ku koleji akhoza kulira nazo. Photoshop kulibe, kuli GIMP, yofuna kuiphunzira mwatsopano. Kudawunilodanso kumadya bandulo ya pafupifupi 3GB.

Za macOS sinditaya nthawi. Ndi yabwino, koma imabwera ndi makina a Apple, ndipo wofunsa uja akanakhala ndi ndalama zimenezo sakanafunsa.

Ndewuyi ndi yakale kuposa ambiri amene akuimenya lero. Mu Januwale 1992, Andrew Tanenbaum, pulofesa wa ku Amsterdam amene anapanga pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta yotchedwa MINIX, analemba kuti Linux ndi yachikale. Anauzanso Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, kuti akanakhala wophunzira wake sakanakhoza bwino ndi kapangidwe kotero. Torvalds anayankha mwaukali, kenako anapepesa. Koma taonani: ngakhale ankalasana, ankakangana pa nkhani yeniyeni, yakuti kernel, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ikhale chimphona chimodzi kapena tizigawo ting'onoting'ono todziimira patokha. Wowerenga mkangano umenewo amatolapo nzeru mpaka lero. Mu 2001 Steve Ballmer wa Microsoft anati Linux ndi khansa, ndipo palibe anaphunzirapo kanthu. Pofika 2016 kampani yomweyo inali itaika WSL mu Windows 10 kuti anthu aziyendetsa Linux m'kati mwake. Torvalds nayenso mu Sepitembala 2018 anavomereza kuti maimelo ake otukwana ankapweteka anthu, napuma kaye kwa mwezi wathunthu.

Khalidwe la anthu ndi gawo la zimene mukusankha, chifukwa tsiku lina mudzakakamira, mudzafuna wokuthandizani. Ku Windows mayankho ndi ambiri, ngakhale ena amangoti fomatani basi. Ku Linux zimadalira khomo limene mwagogoda. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, inatenga dzina ku mawu amene ife timati umunthu, ndipo ili ndi malamulo olembedwa a kulemekezana. Ku Arch Linux, mtundu wina wa Linux, amayembekezera kuti mwawerenga kaye wiki yawo, masamba awo a malangizo a pa intaneti. Imeneyo si nkhanza kwenikweni, koma mlendo amamva ngati wakalipiridwa.

Ine ndimasiyanitsa chonchi. Wothandiza, ngakhale wapakamwa polusa, amafunsa kuti laputopuyo ndi mtundu wanji, RAM ndi yochuluka bwanji, mumaigwiritsa ntchito yanji. Woputa dala safunsa, ndipo kumuyankha n'kumudyetsa.

Ngati ntchito yanu ndi intaneti, imelo, makanema ndi makalata wamba, yesani Mint pa fulashi. Ngati nsima yanu imachokera ku Photoshop kapena ku Excel ya ma macro (timapulogalamu tochita ntchito zobwerezabwereza tokha), khalani pa Windows n'kumasunga ya makina atsopano. Musanakhudze chilichonse, koperani mafayilo anu pa hadi disiki ina.