Sewero la makuponi: Stanislavski kapena Brecht?

Gulu la drama kuno ku Mzuzu likamakonza sewero la katangale pa makuponi a feteleza, pali njira ziwiri zosewerera ndipo sizifanana olo pang'ono.

Ya Stanislavski, katswiri wa zisudzo wa ku Russia, imati wosewera alowe mumtima mwa munthu amene akumusewerayo, akumbukire zowawa zake zenizeni mpaka misozi ituluke. Mukasewera motere pa Katoto, ku Mzuzu konkuno, anthu alira nawo ndithu, koma pobwerera kwawo amangoti mayi uja wandimvetsa chisoni, basi nkhani yathera pompo.

Brecht, wolemba masewero wa ku Germany, cha m'ma 1930, ankakana zimenezo. Iye ankafuna gestus, kachitidwe ka thupi koonetsa wamkulu ndani, wapansi ndani. Mwachitsanzo, mlimi avula chipewa, agwada, awomba m'manja mwaulemu, kalaliki sakumuyang'ana n'komwe, dzanja lili pansi pa tebulo kudikira kangachepe, kenako wosewerayo aima n'kutembenukira anthu, bwanji bamboyu akugwadira chinthu chake chomwe? Apa sipakhala kulira, anthu amayamba kukangana, ena m'Chitumbuka ena m'Chichewa.

Pa nkhani za ndale ngati izi ine ndili ku Brecht, ngakhale ndi yovuta kusewera, kugwadako mukakokomeza kwambiri anthu amangoseka ngati nthabwala funso lija osalimva.