PIRSA: nkhokwe ya misonkhano ya quantum gravity imene wophunzira wa ku Lusaka angatsegule ulere

Wophunzira fizikisi pa UNZA amene mtima wake uli pa quantum gravity, maphunziro ofuna kugwirizanitsa mphamvu yokoka ndi malamulo a quantum a tinthu tating'onoting'ono, amayamba wagundana ndi mtunda. Misonkhano ikuluikulu ya maphunziro amenewa imachitikira kutali, ndipo tikiti ya ndege, viza ndi malo ogona zimadya ndalama zimene ambiri alibe. PIRSA imachepetsako mtundawo. Ndi nkhokwe ya pa intaneti ya Perimeter Institute ya ku Waterloo, ku Canada, imene Mike Lazaridis wa mafoni a BlackBerry anayambitsa mu 1999. Masemina, misonkhano ndi makalasi a kumeneko amajambulidwa n'kuikidwa pa pirsa.org, ndipo kuonera sikulipiritsa. Chigamulo chathu n'chakuti ndi chida chabwino kwambiri, koma chimapindulira yekhayo amene walowamo ndi ndondomeko yake, chifukwa m'menemo mulibe wokulozera poyambira.

Nkhani iliyonse ili ndi nambala ya manambala 8. Awiri oyamba ndi chaka, awiri otsatira ndi mwezi, choncho nambala yoyamba ndi 1307 ndi ya July 2013, mwezi umene msonkhano wa Loops 13 wa loop quantum gravity, imodzi mwa njira zoyesera kugwirizanitsaku, unachitikira komweko. Lembani nambalayi pamwamba pa tsamba la notsi zanu. Mitu ya nkhani imafanana kwambiri, ndipo wolankhula mmodzi amabwereza mutu womwewo zaka zingapo, koma nambala siisokoneza.

Pa maphunziro enieni, mphamvu ya nkhokweyi ili pa relativistic quantum information, gawo limene limafunsa zimene zimachitikira uthenga wa quantum pamene woupima akuthamanga kwambiri kapena ali pafupi ndi black hole, chinthu chokoka kwambiri moti ngakhale kuwala sikutulukamo. Waterloo ndi kwawo kwa akatswiri a gawoli monga Achim Kempf, Robert Mann ndi Eduardo Martín-Martínez. Cholakwa chofala ndi kuthamangira semina ya chaka chino. Wolankhula pa semina amakhala akuyankhula ndi anzake odziwa kale, ndipo pofika mphindi khumi mlendo amakhala atatayika. Yambani ndi makalasi a Perimeter Scholars International, pulogalamu ya digiri ya masters imene inayamba mu 2009: Relativity, kenako Quantum Field Theory, kenako Quantum Information. Mukamaliza amenewa pitani ku makalasi a Kempf a Quantum Field Theory for Cosmology. Masemina abwere pamapeto.

Nayi njira yodziyesera ngati mwakonzeka. William Unruh anaonetsa mu 1976 kuti munthu amene liwiro lake likuwonjezeka mosalekeza amapeza kutentha pamalo pamene wongokhala amaona kuti palibe kanthu. Pa bolodi olankhula amalemba T = a/2π basi, pomwe T ndi kutentha ndipo a ndi kuwonjezeka kwa liwiro, chifukwa amaika ħ (nambala ya Planck), c (liwiro la kuwala) ndi k (nambala ya Boltzmann) kukhala 1. Imitsani vidiyo pamenepo, mubwezeretse zimene zachotsedwazo. Muyenera kupeza T = ħa/2πck, ndipo mukalowetsa manambala muona kuti kutentha kwa 1 kelvin kumafuna a wa pafupifupi 2.5 × 10^20 m/s². Ndiye chifukwa chake kuyesa zimenezi mu labotale n'kovuta kwambiri. Chitaninso chimodzimodzi ndi zimene Stephen Hawking anapeza mu 1974: black hole yolemera ngati dzuwa imatentha pafupifupi 6 × 10^-8 kelvin, pansi kwambiri pa 2.7 kelvin wa kuwala kotsala kuchokera pa chiyambi cha chilengedwe, kodzaza thambo lonse. Ngati manambala awiriwa sakutuluka, bwererani ku makalasi.

Pali msampha wina umene PIRSA sikuchenjezani. Wolankhula wina amalemba metric, masamu opimira mtunda ndi nthawi, ndi zizindikiro − + + +, wina + − − −, ndipo ambiri satchula n'komwe. Mukasakaniza notsi za anthu awiriwa m'kope limodzi, chizindikiro cha kuchotsera chimasowa kapena kuonekera pamene sichifunika, tsiku lonse n'kuthera kufufuza cholakwa chimene si chanu. Momwemonso ndi Unruh-DeWitt detector, kachipangizo ka m'masamu ka masitepe awiri a mphamvu kamene pafupifupi nkhani iliyonse ya gawoli imagwiritsa ntchito. Mukakayatsa mwadzidzidzi, kali kadontho kopanda kukula, masamu ake mu 3+1 (mbali zitatu za malo ndi imodzi ya nthawi) amathawira ku infinity. N'chifukwa chake olankhula amakayatsa pang'onopang'ono ndi Gaussian, mzere wooneka ngati belu, ndipo nthawi zambiri amadutsapo ndi chiganizo chimodzi ngati kuti aliyense akudziwa.

Tsopano za bandulo ndi malaiti, zimene kwa ife kuno si nkhani yaing'ono. Vidiyo ya ola limodzi yoyenda pa 1 megabit pa sekondi imadya pafupifupi 450 MB, ndipo kosi ya makalasi 15 ipitirira 6 GB. Osaonera pa bandulo ya foni. Dawunilodani pa intaneti ya pa kampasi ku Great East Road, muike pa fulashi, mugawane ndi anzanu. Laputopu ikhale yodzaza malaiti asanapite. Nkhani zambiri, makamaka zakale, zili ndi PDF imene ndi zithunzi zotengedwa mu vidiyo yomweyo. Imathandiza kuona msanga ngati nkhaniyo ikukuyenerani musanawononge mamegabaiti, ngakhale siilowa m'malo mwa pepala lolembedwa bwino.

Zofooka zilipo, ndipo zina zimapweteka. M'mavidiyo akale choko pa bolodi sichiwerengeka bwino, makamaka timalembo ta pamwamba ndi pansi, μ ndi ν, pamene tanthauzo lonse lagona. Pa foni musayese n'komwe. Mafunso a omvera nthawi zambiri samveka chifukwa wofunsayo alibe maikolofoni, mumangomva yankho la funso limene simunalimve, pomwe mphindi zimenezo ndi zimene zimaulula pofooka pa ntchito ya wolankhulayo. Ndiponso nkhokweyi imaonetsa zimene zinadutsa pa Perimeter, osati dziko lonse. Loop quantum gravity ndi spin foam, njira yochokera mu iyo, zili ndi malo aakulu chifukwa cha anthu ngati Lee Smolin, Laurent Freidel ndi Bianca Dittrich. Zimenezo si zoipa, koma wongoyamba asaganize kuti mkangano wa momwe mphamvu yokoka ingagwirizanire ndi quantum unatha. Utali wa Planck, 1.6 × 10^-35 m, pamene quantum gravity ikuyembekezeka kuonekera, uli kutali ndi chipangizo chilichonse chimene chilipo lero.

Mankhwala a zofooka zambirizi ndi arXiv, nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku, imene Paul Ginsparg anayambitsa mu 1991. Mukamva nkhani, fufuzani dzina la wolankhulayo m'magawo ake a gr-qc, hep-th kapena quant-ph, mutsegule pepala lake pambali pa vidiyo. Zimene choko chinabisa mudzazipeza zolembedwa bwino. Mapepala atsopano amatuluka 20:00 nthawi ya ku New York, kuno ili 02:00 kapena 03:00 malinga ndi nyengo, choncho m'mawa uliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu mndandanda umakhala utafika kale.

Kwa gulu la anthu anayi kapena asanu, poyambira pabwino ndi mapepala awiri a 2017, lina la Sougato Bose ndi anzake, lina la Chiara Marletto ndi Vlatko Vedral. Onse akunena kuti tinthu tiwiri tating'ono tikalowa mu entanglement, kulumikizana kwa quantum pakati pa tinthu, kudzera m'mphamvu yokoka yokha, ndiye kuti mphamvuyo ili ndi khalidwe la quantum. Masamu ake wa chaka chachinayi angawatsate. Werengani mapepalawo sabata yoyamba, sabata yachiwiri muonere nkhani ya pa PIRSA yokhudza mutuwo, mmodzi agwire batani loimitsira, wina akhale pa bolodi kubwereza sitepe iliyonse imene wolankhulayo wadumpha.